Chibwenzi chinatha koma akundilondalonda pa foni ndi pa Facebook: kodi pali mlandu?

Achemwali,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mwati mumakhala ku Chilomoni, muli ndi saluni yanu, ndipo munali pa chibwenzi ndi bambo wina kwa zaka ziwiri mpaka pamene munachithetsa miyezi isanu yapitayo. Chithereni chibwenzicho foni yanu sikupuma. Mukabuloka nambala iyi, mawa watulukira ndi ina. Watsegula akaunti ya Facebook m'dzina lanu n'kuikapo zithunzi ndi nambala yanu, moti amuna osawadziwa akumakuimbirani pakati pa usiku. Sabata yatha wakulemberani kuti, "Ndakuona pa Ginnery Corner wavala diresi yobiriwira, sudzandithawa, ndidzakuonetsa zakuda." Wanenanso kuti mukapanda kumutumizira K300,000 aponya zithunzi zanu za kuchipinda pa gulu la WhatsApp la kumpingo kwanu. Mutapita kupolisi ina, amene munamupeza pa kauntala anangoti, "Mubulokeni basi, atopa yekha." Azakhali anu nawo akuti za chikondi sapita nazo ku boma. Ndiye mukufunsa ngati pali mlandu kapena mungopirira.

Mlandu ulipo, ndipo si umodzi.

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo magawo ake atatu akugwira bambo ameneyu. Gawo 87 likuti munthu amene mwadala komanso mobwerezabwereza agwiritsa ntchito foni kapena intaneti kusokoneza mtendere, bata kapena chinsinsi cha mnzake popanda nkhani yomveka yoti akambirane, walakwa, kaya winayo anayankha kaya sanayankhe. Chilango chake chimafika K1,000,000 ndi miyezi 12 m'ndende. Gawo 88 ndi la kulondalonda: kuzunza munthu mobwerezabwereza ndi mtima woipa, n'kumuopseza mpaka aziopera moyo wake kapena wa abale ake apafupi. Chilango chake n'chofanana ndi cha gawo 87. Gawo 86 ndiye lolemera: kupitiriza kutumiza mawu olaula kapena kufunsira zonyansa, ngakhalenso kuopseza kuti uvulaza munthu kapena kuononga katundu wake. Apa ndi K2,000,000 ndi zaka zisanu. Gawo lomweli limagwiranso munthu amene wabwereketsa foni yake akudziwa kuti ikukagwira ntchito imeneyi, choncho anzake amene akumupatsa manambala osinthasinthawo asaganize kuti ali kunja kwa nkhaniyi. Za K300,000 zija ndi mlandu wina pawokha wa m'malamulo a milandu ya upandu, wofuna kulanda ndalama moopseza.

Mwaona kuti liwu lakuti "mobwerezabwereza" likungobwerabwera? Pamenepo ndi pamene pagona mlandu wanu. Uthenga umodzi wachipongwe, majisitireti angathe kuuona ngati mkwiyo wa tsiku limodzi. Mauthenga makumi asanu ndi limodzi a m'miyezi isanu, ochokera ku manambala asanu ndi awiri, onse akulankhula chilankhulo chimodzi, amenewo amadzifotokoza okha. Ndimamva chisoni kwambiri mayi akabwera ku ofesi kwanga akunjenjemera, ndikamupempha foni n'kundiuza kuti, "Ndinafufuta zonse, zimandidwalitsa ndikaziona." Ndimamumvetsa, palibe amene amafuna kugona ndi matukwano pamutu pa bedi. Koma amakhala atataya nkhwangwa ndi mpini womwe.

Ndiye chonde musafufute kanthu. Uthenga uliwonse ujambuleni sikirinishoti yoonetsa nambala yeniyeni, tsiku ndi nthawi. Ngati nambalayo munaisunga ndi dzina, tsegulani pamene pamaoneka manambala akewo mujambulenso, chifukwa dzina lakuti "Wovuta" m'foni mwanu silitsimikizira khothi chilichonse. Pa WhatsApp munthu amatha kufufuta uthenga mbali zonse ziwiri, choncho muzijambula nthawi yomweyo ukangofika. Mavoisi amene amakutumizirani ndi amtengo wapatali koposa, pakuti mawu a munthu amene munakhala naye zaka ziwiri mungawazindikire inu, angawazindikirenso anzanu. Zonsezi zitumizeni ku imelo yanu komanso kwa munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, kuti foni ikabedwa mu minibasi umboni usapite nayo. Akaunti yabodza ija musathamangire kuinenera kwa a Facebook musanakopere linki yake ndi kujambula zonse zili pamenepo. Akaitseka, zimene zinalipo simudzazionanso. Mugulenso kope la sukulu, muzilembamo tsiku, nthawi, chimene chachitika ndi amene anaona. Mtsikana amene mumagwira naye ntchito mu saluni, ngati anaonapo bamboyo ataima tsidya la msewu, ameneyo ndi mboni. Lamulo la 2016 lomweli limavomereza mauthenga a pa foni ndi pa kompyuta kukhala umboni m'khothi.

Mulembereni kamodzi kokha, mwaulemu: "Musandilemberenso kapena kundiimbira mwa njira ina iliyonse." Kenako khalani chete. Mukamubwezera matukwano, loya wake adzawerenga mawu anuwo pamaso pa majisitireti n'kunena kuti awa ndi anthu awiri okangana. Alongo anu asapite kukamuthibula, chifukwa m'chitokosi mudzalowa iwo. Ndalama musatumize ngakhale tambala. Wolipidwa kamodzi amabweranso, zithunzizo ali nazobe. Koma nambala imene wakupatsani kuti mutumizireko ndalama, kaya ndi ya Airtel Money kaya Mpamba, isungeni bwino. Kuyambira 2018 simukhadi iliyonse m'dziko muno imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso, ndiye nambala imeneyo ili ndi dzina la munthu kumbuyo kwake.

Za diresi yobiriwira zija zandidetsa nkhawa kuposa zina zonse. Mwina anakuonanidi ndi maso, mwina pali mnzanu amene akumuuza mayendedwe anu, mwinanso ali m'foni mwanu momwe. Pa chibwenzi anthu amapatsana mapasiwedi, ndipo nthawi zambiri mwamuna ndi amene anatsegulira mkazi imelo pogula foni. Lowani pa WhatsApp muone ngati pali chipangizo china cholumikizidwa ku akaunti yanu. Mukachipeza, jambulani kaye kenako muchichotse. Sinthani mapasiwedi a imelo ndi Facebook, muike chitetezo chija chofuna kodi yachiwiri polowa. Kulowa mu akaunti ya munthu popanda chilolezo nawonso ndi mlandu pa gawo 84.

Tsopano kupolisi. Bwererani, koma ulendo uno musathere pa kauntala. Funsani ofesi ya Victim Support Unit, yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, mupite ndi munthu wina, mutenge masikirinishoti osindikiza pa pepala ndi kope lanu lija. Nenani momveka kuti mwabwera kudzapereka dandaulo pa magawo 86, 87 ndi 88 a lamulo la 2016, ndipo mukufuna kulembetsa sitetimenti. Musanasaine muiwerenge, kapena akuwerengereni m'Chichewa, muonetsetse kuti mawu oopseza aja alembedwa momwe analembera mwiniwake. Funsani nambala ya dandaulo lanu ndi dzina la wapolisi amene afufuze. Akakubwezaninso, pemphani kuonana ndi mkulu wa polisiyo. Kuti makampani a foni atulutse dzina la mwini nambala ndi ndandanda wa mafoni amene anaimbidwa, apolisi amakatenga chikalata kukhothi. Inu panokha sangakupatseni. Za akaunti ya Facebook zimachedwerapo poti kampani yake ili ku America, n'chifukwa chake manambala a konkuno ndi mavoisi ndi amene tidzadalire kwambiri. Mukhozanso kukadandaula ku MACRA, bungwe la boma loyang'anira makampani a foni, intaneti ndi mawailesi, kumene kuli nthambi yoona za chitetezo cha pa intaneti yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo lomweli.

Bamboyo akamangidwa, malamulo aakulu a dziko lino amati afikitsidwe kukhothi pasanathe maola 48, ndipo kawirikawiri pa milandu ngati iyi amapatsidwa belo. Izi zisakudzidzimutseni, belo si kuwina mlandu. Chofunika n'chakuti muuziretu woimira boma pa mlanduwo kuti apemphe khothi liike lamulo pa beloyo lakuti asakuyandikireni, asakuimbireni, asakulembereni, ngakhale kudzera mwa munthu wina. Akaphwanya, belo ikhoza kulandidwa. Inu mudzakhala mboni yoyamba. Loya wake adzakufunsani mafunso owawa, mwina okhudza zithunzi zija. Mudzayankhe zoona zokhazokha, modekha. Woimbidwa mlandu ndi bamboyo, osati inu.

Pali njira ina imene ndikufuna muiyambe sabata ino, osadikira kuti apolisi amalize kufufuza. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006, Prevention of Domestic Violence Act, anthu ambiri amaganiza kuti ndi la okwatirana okha. Ayi. Limatetezanso anthu amene ali kapena anali pa chibwenzi choyenderana kwa nthawi yoposa miyezi 12, ndipo inu munatha zaka ziwiri. Mwa nkhanza zimene lamuloli limatchula muli kuopseza kosalekeza, kutsatira munthu kulikonse kumene akupita, kumuzonda kunyumba kapena kuntchito, ndi kumuimbira foni kosalekeza. Mukhoza kupita kukhothi la majisitireti kukapempha chikalata chokutetezani. Nkhani ikaoneka kuti ndi yachangu, khothi limatha kupereka chikalata chogwirizira bamboyo asanamvedwe n'komwe, kenako n'kuitana nonse tsiku lina. Apa simufunika umboni wolemera ngati wa pa mlandu wa upandu, pamene boma limayenera kutsimikiza popanda chikaiko chilichonse. Chikalatacho chikatuluka n'kumufikira, uthenga wina uliwonse umene angatumize ndi kuphwanya lamulo la khothi, ndipo wapolisi sangakuuzeninso kuti mungobuloka. Ngati ndalama za loya palibe, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi mu Blantyre muno, ndipo a Women Lawyers Association amathandizanso amayi pa nkhani zotere.

Kusumira chipepeso ku Khothi Lalikulu ku Chichiri chifukwa chokuipitsirani mbiri ndi kukuphwanyirani ufulu wa chinsinsi, umene uli pa gawo 21 la malamulo aakulu a dziko, n'kotheka. Koma zimadya nthawi ndi ndalama, tidzakambirana zimenezo mukayamba mwapeza tulo.

Akangomangidwa, yembekezerani alendo. Adzabwera amalume ake, mwina ndi akulu a mpingo, kudzagwada kuti mukathetse mlandu, poti mwana wawo ataya ntchito. Kukhululuka ndi kwanu, palibe angakuletseni kapena kukukakamizani. Koma dziwani kuti mlandu wa upandu ndi wa boma, sutha chifukwa choti anthu agwirana chanza pa khonde, ndipo aliyense wokuopsezani kuti musakachitire umboni akupalamula mlandu wakewake. Azakhali anu amakufunirani zabwino, akuopa manyazi. Auzeni kuti chibwenzi chinatha miyezi isanu yapitayo, chimene chatsala ndi munthu amene akukuuzani mtundu wa diresi imene mwavala. Ankhoswe ntchito yawo ndi kuyanjanitsa anthu ofuna kukhalira limodzi, ndipo inu simukufuna.

Sindikubisirani kuti lamulo lathuli lili ndi mipata. Zimandipweteka kuti munthu wolondalonda mkazi mpaka kumuopseza moyo chilango chake chimathera pa miyezi 12. K1,000,000 ya 2016 si ya lero. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Choposa apo, lamulo la 2016 lilibe gawo lotchula mwachindunji kufalitsa zithunzi za kuchipinda za munthu iye asanavomere, moti timachita kulumikiza magawo osiyanasiyana kuti tigwire wolakwa. Aphungu athu akuyenera kulemba mlandu umenewu ndi dzina lake, n'kunena poyera kuti wojambulidwayo alibe mlandu, komanso kupatsa makhothi mphamvu yolamula kuti zithunzi zichotsedwe msanga. Ndipo gawo 87 lomweli taliona likuthamanga liwiro pamene wonyozedwa pa WhatsApp ndi munthu waudindo. Liwiro limenelo ndi limene mayi wa saluni ku Chilomoni akuyenera kulandira.

Komanso bambo ameneyu mphamvu zake akuzitenga kwa ife. Akuopseza ndi gulu la kumpingo chifukwa akudziwa kuti chithunzi chikagwa pamenepo, ena adzachitumiza ku magulu ena khumi dzuwa lisanalowe, ndipo funso lidzakhala lakuti "anajambulitsiranji?" osati "waponya ndani?" Mumulande chida chimenechi. Pitani kwa adimini wa gululo, kapena kwa mayi mmodzi wamkulu wa chigwirizano amene amasunga pakamwa, mumuuze kuti pali munthu akukuopsezani ndipo nkhani ili kupolisi. Apempheni kuti chinthu chikaponyedwa ajambule nambala ya woponyayo, achichotse nthawi yomweyo, achenjeze gulu lonse kuti wotumiza kwina adzatchulidwa nawo mu sitetimenti. Ngati zithunzizo muli nazo m'foni mwanu, pali tsamba la StopNCII.org limene limathandiza anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo kuti Facebook ndi Instagram zizizindikire n'kuziletsa, ndipo chithunzicho sichichoka m'foni mwanu.

Masiku ano musamatseke saluni nokha madzulo, musinthesinthe nthawi yoweruka, ndipo aneba anu awiri adziwe nkhope yake. Mukamuona pafupi ndi nyumba, musatuluke kukalankhula naye. Imbirani apolisi ndi aneba. Usiku mtima ukakulemerani, nambala ya 5600 ndi yaulere, ya anthu amene akuchitiridwa nkhanza. Lolemba m'mawa muyambire ku Victim Support Unit, mukatuluka kumeneko mulunjike kukhothi la majisitireti, mutanyamula chiphaso chanu, kope lija, ndi masikirinishoti osindikiza magulu atatu: lina la apolisi, lina la khothi, lina lanu.