Mwana wanga akufuna kusiya maphunziro kuti akhale ngati James Anderson

Mayi wina wa kwathu ku Malawi, amene akukhala kumpoto kwa England, wandilembera za mwana wake wamwamuna wa zaka 16. Mnyamatayu akumaliza mayeso a GCSE ndipo amasewera kiriketi m'timu ya achinyamata ya kaunti (chigawo cha dziko la England) ina monga woponya mpira mwaliwiro. Wauza makolo ake kuti za mabuku zakwana, akufuna kuika mtima wonse pa masewera. Akamufunsa za mawa amayankha kuti James Anderson sanapite ku yunivesite koma anasewerera England mpaka zaka 41. Bambo ake akuti asiyiretu kiriketiyo. Mayiwo akufunsa kuti: "Masewerawa ine sindiwadziwa. Ndimuletse kapena ndimulole?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya m'nyumba mwanu. Musamuletse mwanayo. Komanso musavomere kuti mabuku aikidwe pansi. Popeza iye wabweretsa dzina la Anderson pa mkanganowu, tiyeni timuone bwinobwino munthuyu, chifukwa mbiri yake ikunena zambiri kuposa zimene mnyamata wanu watolapo.

Zimene akunenazo n'zoona ndithu. Anderson anabadwira ku Burnley mu 1982, anakulira m'kalabu ya kiriketi ya m'tauni momwemo, kenaka analowa timu ya Lancashire. Masewera ake oyamba a Test, omwe ndi aja amatenga masiku mpaka asanu, anali pa bwalo la Lord's ku London mu 2003, polimbana ndi anansi athu a ku Zimbabwe, ndipo anatulutsa omenya asanu m'chigawo choyamba chomwe. Anadzatsanzika pa bwalo lomwelo mu Julaye 2024 polimbana ndi West Indies, atasewera ma Test 188 ndi kutulutsa omenya 704. Palibe woponya mwaliwiro wina m'mbiri yonse ya masewerawa amene anafikapo pamenepo. Amene amuposa ndi awiri okha, Muttiah Muralitharan wa ku Sri Lanka ndi 800 ndi Shane Warne wa ku Australia ndi 708, ndipo onsewa anali oponya mozunguza mpira, ntchito yosapweteka thupi ngati ya liwiro.

Tsono mufunseni mwana wanu kuti Anderson anapuma bwanji. Sanadzuke m'mawa n'kunena kuti ndatopa. Akuluakulu a timu, mphunzitsi Brendon McCullum, kaputeni Ben Stokes ndi mkulu woyang'anira timu Rob Key, anakhala naye pansi n'kumuuza kuti akukonzekera ulendo wa ku Australia wa kumapeto kwa 2025, ndipo akufuna kuyamba kuzoloweza anyamata atsopano. Iye ankaona kuti mphamvu akadali nazo. Anatsala ndi asanu ndi atatu okha kuti afanane ndi Warne, koma anapatsidwa masewera amodzi otsanzikira basi. M'masewera omwewo mnyamata wina, Gus Atkinson, amene ankasewera Test koyamba, anatulutsa omenya 12. Anthu akuombera m'manja wopumayo, womulowa m'malo anali ali kale m'bwalo.

Ndipo Anderson mwiniwake anadzakhazikika m'timu chimodzimodzi. Mu Marichi 2008 ku Wellington, New Zealand, England inachotsa Matthew Hoggard ndi Steve Harmison n'kuikapo Anderson ndi Stuart Broad. Hoggard anali ndi zaka 31, ngwazi ya Ashes ya 2005, mpikisano wa ma Test wa pakati pa England ndi Australia, koma sanasewerenso Test kuchokera pamenepo. Ichi ndicho ndikufuna mwana wanu amvetse kuposa china chilichonse: pa ntchito imeneyi tsiku lomaliza amakusankhira ndi ena, kapena thupi lako. Ngati anachitira chonchi munthu amene anatulutsa omenya 704, kuli bwanji mnyamata wa m'akademi amene kalata imodzi yokha ya kumapeto kwa nyengo ingamuuze kuti chaka chamawa asabwerenso?

Za thupizo ndikhalepo pang'ono, chifukwa inu monga kholo ndi zimene muyenera kuzidziwa kwambiri. Woponya mwaliwiro amathamanga mtunda, n'kudumpha, n'kuponda mwamphamvu ndi mwendo wakutsogolo kwinaku msana ukupindika ndi kupotoka nthawi imodzi. Akaponda, thupi limalandira mphamvu yoposa kulemera kwake kangapo. Amachita zimenezi kasanu ndi kamodzi pa ova iliyonse (ova ndi mipira isanu ndi umodzi yoponyedwa motsatizana), maova ambirimbiri pa tsiku. Mafupa a m'munsi mwa msana sakhala atakhwima kwenikweni kufikira munthu atapitirira zaka 20, n'chifukwa chake vuto lofala mwa anyamata oponya mwaliwiro ndi kung'aluka pang'onopang'ono kwa fupa la msana. Likagwa, munthu amakhala miyezi yambiri osaponya. Anderson linamugwera mu 2006. Zaka zake zoyambirira sizinali zokoma ayi: aphunzitsi anayesa kusintha kaponyedwe kake, anavulala, ndipo maulendo ambiri ankangotsagana ndi timu osasewera. Ngakhale atakhwima, pa Ashes ya 2019 anaponya maova anayi okha m'masewera oyamba, katumba wa mwendo n'kumukana, mpikisano wonse n'kumudutsa. China chimene chinamutalikitsira moyo wa masewera n'chakuti kuchokera mu 2015 sanasewererenso England masewera a tsiku limodzi, thupi linkapuma pakati pa ma Test.

Ena mwayi wobwerera sanaupeze. Simon Jones anali m'gulu la oponya amene anagonjetsa Australia mu 2005, koma Test yake yomaliza inali m'chaka chomwecho ali ndi zaka 26, chifukwa cha kuvulala kosatha. James Taylor, amene anali womenya osati woponya, anasiya mwadzidzidzi mu 2016 ali ndi zaka 26 madokotala atamupeza ndi nthenda ya mtima. Onsewa anali atafika kale pamwamba penipeni. Ochuluka zedi amathera panjira, mayina awo osamveka n'komwe.

Tsopano ndilankhule ndi iwe mnyamata, popeza ndikukhulupirira kuti amayi ako akuwerengera yankho ili. Ndikudziwa chimene ukuopa. Ukuganiza kuti mapanga awiri avumbwitsa, kuti ukagawa nthawi pakati pa mabuku ndi maneti oyesereramo kuponya, anzako amene akuchita kiriketi yokha akusiya m'mbuyo. Mantha amenewa ndimawamva ndipo sindikuwapeputsa. Koma woponya mwaliwiro wa msinkhu wako saloledwa n'komwe kuponya tsiku lonse. Bungwe loyendetsa kiriketi kumeneko, la ECB, lili ndi malire a maova amene wachinyamata angaponye motsatizana ndiponso pa tsiku, malinga ndi zaka zake, pofuna kuteteza msana womwewo. Maola amene thupi lako liyenera kupuma ndi ambiri. Funso ndi lakuti uziwachitira chiyani.

Taona Pat Cummins wa ku Australia. Anasewera Test yake yoyamba ku Johannesburg mu 2011 ali ndi zaka 18, nasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa masewerawo. Kenaka kuvulala, makamaka kwa msana, kunamugwira mobwerezabwereza moti Test yachiwiri anadzaisewera mu 2017. Zaka zoposa zisanu! M'nyengo yodikira imeneyo anaphunzira digiri ya zamalonda pa University of Technology Sydney. Digiriyo sinamuchedwetse: mu 2021 anakhala kaputeni wa Australia, ndipo mu 2023 anatsogolera timuyo kukatenga chikho cha dziko lonse ku India. Ine ndikadakonda kuti pakhoma la chipinda chako pakhale zithunzi ziwiri, cha Anderson ndi cha Cummins.

Nanga njira zake ndi ziti? Choyamba, Mayi, dziwani kuti ku England lamulo limafuna kuti mwana akhalebe pa maphunziro kapena pa kuphunzira ntchito kufikira zaka 18. Choncho nkhani yosiyiratu palibe, chimene mukukambirana ndi mtundu wa maphunziro. Ngati GCSE yake yayenda bwino ndipo amatha kulemba mayeso, ma A level atatu amamusiyira makomo ambiri otsegula. Biology, PE ndi Psychology zimayenderana ndi zimene amakonda kale ndipo zingamufikitse ku maphunziro a sayansi ya masewera kapena a physiotherapy, ngakhale kuti pa physiotherapy mayunivesite amafuna magiredi apamwamba, ndiye aone zofunika za yunivesite iliyonse asanasankhe. Ngati ndi mwana amene amachita bwino pa ntchito yopereka pang'onopang'ono kusiyana ndi mayeso a kumapeto, BTEC ya Level 3 ya zamasewera ndi njira yolemekezeka, ndipo mayunivesite ambiri amailandira. Makoleji ena amagwirizana ndi makalabu a kiriketi kuti ndandanda ya makalasi isagundane ndi nthawi yokonzekera. Chimene ndingachenjeze n'chakuti asasankhe kosi chifukwa choti ndi yopepuka. Afunse kuti amene anaimaliza chaka chatha ali kuti lero.

Akafika pa yunivesite, kiriketi siithera pachipata. Loughborough, Durham, Cardiff ndi Leeds ndi ena mwa malo amene akhala akuphatikiza digiri ndi kiriketi yapamwamba. Andrew Strauss, amene anadzakhala kaputeni wa England, anadzera ku Durham. Monty Panesar anadzera ku Loughborough. Woponya mwaliwiro nthawi zambiri amafika pachimake ali pakati pa zaka za m'ma 20, kotero zaka zitatu za digiri zimagwera nthawi imene msana ukukhwima.

Palinso bungwe la ACE Programme, limene anayambitsa Ebony Rainford-Brent mu 2020 pofuna kukweza achinyamata akuda pa kiriketi ku Britain. Iye anali mkazi wakuda woyamba kusewerera England. Linayambira ku Surrey n'kufalikira ku mizinda ina monga Birmingham ndi Bristol. Lifufuzeni, chifukwa kiriketi kumeneko imadya ndalama, zida ndi maulendo omwe, ndipo ana ambiri amene amafika patali amachokera ku sukulu zolipira zokhala ndi mabwalo awoawo. Mwana wa mayi wogwira ntchito mashifiti amafunika anthu omuyankhulira.

Kwa bambo ake ndinene mwaulemu kuti ndikumvetsa maganizo awo. Ambiri a ife tinakula tikuuzidwa kuti mpira sudyetsa munthu, ndipo amene anasiya kwawo kukagwira ntchito yolemetsa kunja safuna kuona mwana akuseweretsa mwayi. Koma bambo, kulowa m'timu ya achinyamata ya kaunti si chinthu chapafupi. Makaunti akuluakulu alipo 18 okha, ndipo ana ofuna malo amenewo ndi ochuluka. Mukamuchotsa mokakamiza, mabukuwo adzawawerenga ndi mtima wowawa, ndipo mlanduwo adzakusungirani zaka zambiri. Komanso masewera amatha kutsegula chitseko cha sukulu. Makhaya Ntini wa ku South Africa ankaweta ng'ombe kumudzi wa Mdingi ku Eastern Cape. Kuponya kwake ndi kumene kunamupezera malo pa sukulu ya Dale College, ndipo anadzasewera ma Test 101 n'kutulutsa omenya 390.

Kiriketi yomweyo ili ndi ntchito zambiri kunja kwa mzere wa bwalo: aphunzitsi, olimbitsa matupi a osewera, othandiza ovulala, osanthula masewera pa kompyuta, oimbira, osamalira bwalo, aulutsi. Anderson atangopuma analowa m'gulu la aphunzitsi a England monga mlangizi wa oponya, ndipo anali atayamba kale za pa wailesi ya BBC akadali wosewera. Anabwereranso kukasewerera Lancashire. Iye dzina linamutsegulira makomo amenewa. Wina aliyense amafunsidwa pepala. N'chifukwa chake ndikulangiza kuti mnyamatayu, akangofika msinkhu wololedwa, achite kosi yoyamba ya uphunzitsi ya ECB n'kumathandiza ana aang'ono pa kalabu yake. Adzapezapo kandalama ka m'thumba, komanso kuphunzitsa ena kudzamuthandiza kumvetsa kaponyedwe kake.

Chimene ndikupempha kuti muchite mwezi uno, Mayi, ndi ichi. Pemphani kukumana ndi mphunzitsi wamkulu wa timu ya achinyamatayo, mupite nonse atatu, inu, bambo ndi mwana. Kusadziwa malamulo a masewerawa kusakuchititseni manyazi, mafunso anu ndi a kholo. Afunseni kuti mwa anyamata amene anali pa msinkhu umenewu zaka zisanu zapitazo, ndi angati anapatsidwa kontrakiti, ndipo enawo anathandizidwa bwanji atauzidwa kuti basi. Afunseni amene amawerengera maova onse amene mwanayu amaponya pa sabata, kuphatikiza a kusukulu, a kukalabu ndi a kukaunti, chifukwa kawirikawiri mbali iliyonse imangowerenga akeake. Afunsenso makoleji amene amagwira nawo ntchito. Mayankhowo mwana wanu awamve yekha ndi makutu ake kuchokera kwa munthu amene amamulemekeza pa kiriketi.

Ndipo iwe mnyamata, tsiku limene udzamve kupweteka m'munsi mwa msana, makamaka mbali yosiyana ndi dzanja limene umaponyera, usadzabise poopa kutaya malo m'timu. Udzasiye kuponya, udzauze amayi ako ndi mphunzitsi tsiku lomwelo, ndipo ukaonedwe ndi dokotala usanagwirenso mpira.