Kachomera kanga kachita maluwa kenako kayamba kuuma, ndalakwitsa pati?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndimakhala ku Leeds, mu Epulo ndinagula kachomera kooneka ngati kakabichi kakang'ono koma masamba ake onenepa osongoka, pa lebulo analemba Jovibarba globifera. Ndakhala ndikukasamala ngati khanda, pawindo la kukhitchini, madzi tsiku ndi tsiku. Mu Julayi kanatulutsa kamtengo pakati ndi timaluwa tachikasu, ndinajambula mpaka kuponya pa gulupu ya kwathu, pano kakuuma ndiye timipira tobiriwira tikungothothoka kugwera pansi. Ndakapha ndine?
Mayi wa ana awiri, Leeds

YANKHO: Mtima m'malo achemwali, simunakaphe. Kumbukirani nthochi kumudzi, ikabereka mkoko tsinde lija basi yake yatha, otsala ndi ana ake m'mbalimo. Khonje nayenso akangoimika mtengo wa maluwa uja ndiye kuti akutsanzika. Jovibarba ndi chimodzimodzi, kamutu kalikonse kamachita maluwa kamodzi kokha kenako nkufa.

Timipira mukusesato ndiye ana akewo, chonde musataye! Timalendewera pa kaulusi kosalimba, mphepo kapena mphaka akangokhudza timaduka nkugubuduka, pomwe taima pompo timazika mizu. Ndi m'mene kamafalikira kwawo m'mapiri a ku Europe monga Alps ndi Carpathians, m'ming'alu ya miyala momwe dothi ndi lochepa zedi. Dzina loti Jovibarba ndi la Chilatini, kutanthauza ndevu za Jupiter, mulungu wa Aroma akale, ndipo mukayang'anitsitsa duwalo muona lili ngati kabelu, timasamba take 6 tokhala ndi timanyenje m'mphepete. Abale ake a Sempervivum, omwe adzadza m'mashopu kumeneko, maluwa awo amatambasuka ngati nyenyezi, ngakhale akatswiri ambiri masiku ano amangoziika zonse m'gulu limodzi.

Koma pa nkhani ya madzi ndi windo paja ndiye ndikudzudzulani pang'ono. Ndikudziwa ife tinakula tikuthirira mpiru m'mawa ndi madzulo ndiye kuona dothi louma mtima umatipweteka, koma aka kamasunga madzi m'masamba ndipo timabowo take topumira timatseguka usiku kuti dzuwa lisakamwe madziwo, ndiye inu mukamawonjezera tsiku lililonse mizu imangowola. Hita ya m'nyumba sikaifunanso, ndi kam'phiri, sinowo sikamuopa. Chomwe chingakaphe ku England ndi chinyontho cha mvula yosatha ija.

Pezani kamphika kobowoka pansi, sakanizani dothi pang'ono ndi mchenga wokhakhala ndi timiyala, feteleza ayi. Timipirato ingotikhazikani pamwamba osakwirira, muike panja poomba dzuwa, kuthirira pokhapokha dothi likauma gwa. Mayi wa timipirato akauma muzule.

Mukadzabwerera kushopuko nkupeza Jovibarba heuffelii musadikire timipira, iyeyo ana ake amamatirira pa muzu umodzi wonenepa, pogawa mpaka mpeni wakuthwa, chidutswa chilichonse chikhale ndi muzu wake, ndipo muchisiye masiku angapo bala liume musanadzale.