Amene wakhala chete pa kompyuta si kuti akujomba

Amayi, mwati muli ndi akauntanti ndi mnyamata wa IT (woona za makompyuta) mu ofesi mwanu, simudziwa ngati akugwiradi ntchito poti amangoyang'ana pa kompyuta tsiku lonse, ndiponso mukuopa kuwalipirira maphunziro poganiza kuti akangophunzira athawa.

Ine ndikuona kuti mukuwayeza ndi muyezo wa ganyu. Waganyu mumamuwerengera mizere madzulo n'kumupatsa zake. Koma akauntanti akhoza kutha maola atatu osalemba kanthu, akufufuza chifukwa chimene ndalama za m'buku zikusiyanira ndi za ku banki, ndipo maola amenewo ndi amene angakupulumutseni ku chindapusa cha MRA, bungwe lotolera misonkho. Peter Drucker, katswiri wa kayendetsedwe ka makampani, analemba za anthu oterewa, ogwira ntchito ndi nzeru, mu 1959, ndipo pambuyo pake ankatsindika kuti chida chawo chachikulu chili m'mutu mwawo. Akaweruka amapita nacho kwawo, inu simungachitsekere mu ofesi.

Taonani zimene zinachitika ku kampani ya 3M ku America. Kuyambira mu 1948, akatswiri awo ankaloledwa kugwiritsa ntchito 15 peresenti ya nthawi yawo pa zofufuza zimene asankha okha. Mu 1968 Spencer Silver anapanga guluu wosamata kwambiri, woti amamata koma n'kumatuka osang'amba pepala. Kwa zaka zingapo palibe amene ankadziwa chochita naye, koma Silver ankangouzabe anzake za guluuyo. Mu 1974 mnzake Art Fry, yemwe ankaimba kwaya ndipo timapepala tosungira masamba tinkamugwera m'buku la nyimbo, anakumbukira guluu uja. Timapepala tomata ta Post-it, topangidwa ndi guluuyo, tinayamba kugulitsidwa m'dziko lonse la America mu 1980. Pakanakhala bwana wowerenga maola, akanamuuza Silver kalekale kuti asiye zachibwanazo. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti nzeruyo inapindula chifukwa inachoka m'mutu mwa munthu mmodzi n'kufika kwa wina.

Ndiye musamawalonde. Gwirizanani zimene mukufuna kuona: lipoti la mwezi lifike tsiku lakuti, msonkho ulipidwe nthawi yake, kompyuta ikafa zinthu zisatayike. Njira yochitira zimenezo asiyireni eni ake, chifukwa pamenepo amadziwa kuposa inu, ndipo n'chifukwa chake munawalemba ntchito.

Za maphunziro, alipirireni ndithu. Ngati mukuopa, musayinirane kuti akamaliza agwirabe nanu kwa nthawi yakuti, ambiri amatero. Inde, ena adzachokabe. Choopsa kwenikweni ndi mnyamata wa IT amene amadziwa yekha mapasiwedi onse ndi mmene netiweki anailumikizira. Muuzeni alembe zonsezo bwinobwino muzisunge inuyo, ndipo akabwera kumaphunziro mum'patse tsiku loti aphunzitse anzake. Ntchito yolembayo muiwerengere ngati ntchito yeniyeni, musamuuze kuti aichite Loweruka kunyumba kwake.