Geni ya masiki a fumbi: mmene ndimaodera ku Joni

Achimwene, mwafunsa kuti geni yanga ya masiki a fumbi imayenda bwanji komanso ngati mpamba wochepa ungakwane kuti nanu muyambe. Za ulendo sizitalika. Basi ndimakwerera pa Wenela ku Blantyre, kutulukira pa Mwanza, kulowa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenaka Nyamapanda, Harare, Beitbridge mpaka Park Station ku Johannesburg. Masiki ndi opepuka koma amadya malo, ndiye a basi amatchaja potengera kukula kwa katoni. Malisiti musataye chifukwa a MRA pa Mwanza amayambira pomwepo powerengera msonkho. Makatoni awiri kapena atatu ndi okwanira poyambira, bola muphatikize katundu wina woti abweze ya thiransipoti.

Pamene ndikufuna tikambirane bwino ndi apa: kodi munthu amene mukumugulitsayo akupuma chiyani, ndipo chochuluka bwanji? Makasitomala anga ndi amayi oswa miyala m'mbali mwa msewu, anyamata a pa kwale, a chigayo, otsitsa simenti ndi akalipentala. Bambo anga anagwira ntchito mu mgodi wa golide ku Joni. Anabwera ndi njinga, wailesi ndi chifuwa. Ndimakumbukira akupumira katatu pa mtunda wochoka kudimba kufika pakhomo, dzanja lili pa mtengo wa mango, pakamwa pali yasa. Kuchipatala anati ndi silicosis, fumbi la mwala lomwe linaumitsa mapapo, ndipo pambuyo pake chifuwa chachikulu chinalowererapo. N'chifukwa chake sinditenga katundu ameneyu ngati nsapato kapena mawigi.

Masamu ake ndinaphunzira kwa wogulitsa wina wa zida zodzitetezera pa ntchito, ndipo ndi osavuta. Munthu wogwira ntchito amakoka mpweya pafupifupi makiyubiki mita 10 pa maola 8. Amenewo ndi madiramu 50 a malita 200. Tiyerekeze kuti mu kiyubiki mita iliyonse muli miligalamu imodzi ya fumbi: pa tsiku wakoka mamiligalamu 10. Akamanyamula zolemera amapuma mwamphamvu, kawirikawiri ndi pakamwa, ndiye nambala ija imakwera. Muchulukitse ndi masiku a pa chaka, muchulukitsenso ndi zaka.

Si lonse limene limakhalira m'mapapo. Fumbi lalikulu, loposa mamaikuloni 10 (mamaikuloni 1,000 ndiwo milimita imodzi), lambiri limakodwa m'mphuno ndi kukhosi, ndi lija mumamina lakuda madzulo. Loopsa ndi la mamaikuloni 4 kutsika m'munsi, losaoneka ndi maso, pomwe tsitsi la munthu ndi pafupifupi mamaikuloni 70 kunenepa kwake. Limeneli limafika pansi penipeni, pa timatumba tomwe mpweya umalowera m'magazi, ndipo la mwala silisungunuka. Mayi woswa miyala akati "lero fumbi kulibe" amakhala akunena limene akuliona.

Ena amandifunsa za yureniyamu poganizira mgodi wa Kayelekera ku Karonga, womwe unatsegulidwa mu 2009. Migodi yaikulu siigula kwa ife, ili ndi oigulitsa ake, koma kawerengedwe kake ndi komweko, kungoti m'malo mwa mamiligalamu amawerenga mphamvu ya rediyeshoni yomwe fumbilo lanyamula. Mtundu wa rediyeshoni wotchedwa alpha sungaboole ngakhale pepala kapena khungu. Koma kachidutswa kakalowa n'kukhala m'mapapo, kamawomba minofu yoyandikana nako usana ndi usiku, ndipo khansa imatha kuyambira pamenepo. Pa ntchito zotere amayeza mpweya ndi kapampu kovala m'chiuno, amaona kukula kwa tizidutswa, maola amene munthu wagwira, n'kupeza mlingo wa rediyeshoni yomwe walandira mu ma millisievert. Malire amene mayiko ambiri amatsatira ndi 20 pa chaka kwa wogwira ntchito ndi 1 kwa munthu wamba. Palinso mpweya wa radon wochokera m'miyala, womwe bungwe la WHO limati ndi chimodzi mwa zoyambitsa khansa ya m'mapapo zikuluzikulu pambuyo pa fodya. Masiki anga sangatseke mpweya umenewo, amangogwira tizidutswa touluka, ndipo wofunsa ndimamuuza zoona.

Tsopano pa kuoda. Masiki a buluu a kuchipatala aja ndi a nsalu sindigulitsa kwa munthu wa pa kwale, mpweya umangodutsa m'mbali. Yang'anani zolemba pa masiki penipenipo, osati pa katoni pokha: EN 149 (muyezo wa ku Ulaya) ndi giredi yake, FFP2 kapena FFP3. FFP1 imasefa tizidutswa 80 pa 100, FFP2 94, FFP3 99. Ya ku America ndi N95 ndipo imakhala ndi dzina la NIOSH, bungwe lovomereza masiki kumeneko, ndi nambala yoyamba ndi TC. Pakalembedwa NR ndiye kuti ndi ya tsiku limodzi la ntchito. Zafeki zilipo zambiri ndipo mtengo wake umakopa. Ine ndimatsegula katoni pomwepo, kukoka zingwe, kupinda kachitsulo ka pamphuno, kuona tsiku lothera ntchito. Wogulitsa akakana kutsegula, ndimapita.

Pogulitsa ndimamuveka munthu ndekha koyamba. Chingwe china pamwamba pa makutu, china pakhosi, kachitsulo kukanikiza, kenaka aphimbe ndi manja n'kupuma mwamphamvu kuti timve ngati mpweya ukuthawira m'mbali. Wandevu ndimamuuza kuti akamete, apo ayi ndalama yake ingopita pachabe. FFP2 yovalidwa bwino imachepetsa fumbi lolowa pafupifupi kakhumi, ndiye mamiligalamu 10 aja amatsala imodzi. Ndimawauzanso kuti azithira madzi pa miyala asanaswe, ngakhale kutero kumachepetsa malonda anga.

Phindu lake ndi lochepa pa masiki imodzi, limabwera chifukwa anthu amabwereranso sabata ndi sabata. Mwezi wamawa ndikunyamukanso. Ngati pasipoti yanu ili bwino, tiyeni limodzi mukaone ndi maso anu katoni yeniyeni ndi yafeki.