Ku Chisi yambani ndi sola, osati makina a madzi

Achimwene, mwafunsa za momwe abale anu aku chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa angapezere magetsi: auzeni apite pa sola basi, za makina opangira magetsi ndi madzi ngati akuno kwa Bondo kumeneko sizingatheke. Kuno ku Mulanje magetsi a MEGA, kampani yopanga magetsi kwa Bondo, amayaka chifukwa mtsinje wa Lichenya umatsika m'phiri ndi mphamvu, madzi amalowa mpaipi nkukazunguza tebaini kumunsi. Pachilumba madzi angoti phee, palibe chozunguza, komanso mukudziwa Chilwa imaphwa zaka zina. Ngakhale ku Likoma ndi Chizumulu a EGENCO anakaikako sola kuti achepetse kudalira majenereta a dizilo.

Koma samalani batire, ndi pamene ndalama zimathera. Ife kwathu tinagula panelo ndi batire kumsika osaika charge controller (kachipangizo koteteza batire kuti lisadzaze kapena kutha mopyola muyeso), ana akuonera mpira mpaka pakati pausiku, chaka chisanathe batire lija linafa, zinandiwawa kwambiri. Batire la asidi musamalimalize kupitirira theka. Yambani ndi mababu akusukulu ndi potchajira mafoni, anthu azisonkha kangachepe mwezi ndi mwezi kuti batire likatha mugule lina. Zoyala mawaya makamaka mnyumba zaudzu musachite nokha, itanani wamagetsi yemwe ali ndi laisensi ya MERA.