Impso zalephera koma mtundu sunalembedwe: lembani N19

Achemwali, ngati dokotala wangolemba kuti impso zasiya kugwira ntchito osanena kuti ndi vuto ladzidzidzi kapena lamgonagona, nambala yake mu ICD-10, mndandanda wa manambala a matenda omwe timalemba pa mafomu, ndi N19. Mawu oti uraemia (kuchuluka kwa zinyalala m'magazi) akakhala okhaokha amagweranso pomwepo.

Koma musathamangire. Yambani mwawerenga fayilo yonse. Pa zaka zomwe ndakhala ndikudzaza mafomu a inshulansi ya zaumoyo, nthawi zambiri yankho ndimalipeza patsamba lina. Impso zikafooka mwadzidzidzi, monga munthu atatsekula m'mimba kwambiri mpaka madzi kutha m'thupi, ndiye N17. Vuto likapitirira miyezi 3 n'kulembedwa kuti ndi lamgonagona, limapita ku N18, ndipo siteji imawonjezedwa, monga N18.5 ya siteji 5. Ngati impso zawonongeka chifukwa cha BP, yang'anani ku I12, osati N19.

Chinthu chimodzi musachite: kuona creatinine wochokera ku labu (muyeso wa m'magazi woonetsa mmene impso zikugwirira ntchito) n'kudzisankhira nokha mtundu kapena siteji. Ine ndinatero kamodzi ndili watsopano pantchito, fomu inabwezedwa, manyazi ake! Zimenezo amagamula ndi dokotala amene anaona wodwalayo. Mubwezereni fayilo alembe momveka, kenako inu muike nambala.