Poti tenisi sinkalipira, Lottie Dod ankadya chiyani?

Mayi wina wanditumizira imelo. Mwana wawo wamkazi wayamba tenisi kusukulu, ndipo wabwera kunyumba ndi nkhani ya mtsikana wa zaka 15 amene anatenga chikho cha Wimbledon, mpikisano waukulu wa tenisi wa ku England, kalekale. Mayiwo akufunsa ngati ndi zoona, komanso kuti poti osewera a nthawi imeneyo sankalipidwa, ankakhala bwanji.

Mwanayo sananame, mayi. Mtsikanayo ndi Lottie Dod wa ku England, wobadwa mu 1871 ku Bebington, kufupi ndi Liverpool. Mu 1887 anakwapula Blanche Bingley 6–2, 6–0 m'ndime yomaliza, ndipo mpaka lero palibe wamkazi amene watenga chikhochi ali wamng'ono kuposa iye. Anachitenganso mu 1888, 1891, 1892 ndi 1893. Maulendo asanu onsewo wolira anali Blanche yemweyo. Ine ndimamumvera chisoni mayi ameneyu, chifukwa naye anali katswiri wotenga chikhochi kasanu ndi kamodzi, koma akangokumana ndi Lottie zinkamuvuta.

Tsono za ndalamazo. Lottie sankadya za tenisi, ankadya za thonje. Bambo ake, a Joseph Dod, analemera ndi malonda a thonje ku Liverpool moti ana awo anayi anakula osadziwa kusaka ntchito. Lamulo loti wosewera asalandire malipiro linkamveka laulemu, ati kusewera chifukwa chokonda masewero basi, koma kunena mosapsatira linkatsekera kunja mwana wa munthu wamba. Wogwira ntchito m'fakitale akanaipeza kuti nthawi yoyeserera, ndalama ya sitima ndi ya malo ogona? Wimbledon inadzalola osewera olipidwa mu 1968.

Ubwana nawo unamuthandiza. Azimayi ankalowa m'bwalo atavala madiresi olekeza m'akakolo, m'chiuno atamanga zothina zolepheretsa kupuma bwino. Lottie, poti anali mwana, ankamulola kuvala siketi yofupikirapo, ndiye ankathamangira mpira anzake akulimbana ndi nsalu. Poyambitsa mpira ankaumenyera m'munsi, osati pamwamba pa mutu ngati masiku ano. Dziwaninso kuti mwini chikho sankayambira pansi: ankangodikira amene wagonjetsa ena onse, n'kusewera naye kamodzi.

Atatenga chikho chachisanu ali ndi zaka 21, anaisiya mipikisano ya tenisi. Wosadalira masewero kuti adye amasiya tsiku limene watopa nawo. Anasewerera England hockey mu 1899, anatenga chikho cha gofu cha azimayi ku Britain mu 1904 ku Troon, ku Scotland, kenako pa Olimpiki ya ku London mu 1908 anapata mendulo yasiliva poponya mivi ndi uta. Pa mpikisano womwewo mlongo wake Willy anatenga yagolide, nayenso pa uta. Lottie anamwalira mu 1960 ali ndi zaka 88.